Alamu Ake a Sezim

"Ndanena kale, mtsikanayu sapita kulikonse," anatero Toktosun, maso ali pa chingwe chomangira ana a mahatchi chimene ankaluka. "Jeremani sathawa. Adzamupeza chaka china."

"Chaka china adzatenga ena, bambo a Ulan," anayankha mkazi wake Jipara, akupukuta timbale ta tiyi timene tinali titauma kale. "Ku yunivesite amasankha a m'chaka chachitatu okha. Akaphonya tchuthi cha chilimwe chino, basi, zake zada."

"Wakuuza ndani? Kapena nawenso unayamba yunivesite mobisa?"

"Anandiuza yekha Wamikanda."

"Ndiye umuuze Wamikanda wakoyo kuti munthu wofa mbali imodzi sagona yekha m'nyumba. Mwezi wamawa ife tikukwera kumapiri ndi mahatchi. Iwe uzikakama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Nanga akuluwo atsala ndi ndani? Ndi mphaka?"

"Nyumba yaikulu ili ndi mwini wake. Kabwana ndiye mwamuna wotsiriza. Nyumba ndi yake, munda wa mbatatesi ndi wake. Abwere ndi mkazi wake adzasamale amayi ake."

"Esenbek ali pa ntchito ku Moscow."

"Nayenso mtsikanayu ali pa sukulu."

"Sukulu imatseka m'chilimwe, ntchito sitseka. Komanso munthu wamkazi amasambitsidwa ndi mwana wake wamkazi, ndipo akuluwo mwana wamkazi ali naye mmodzi." Toktosun anakoka mfundo ndi mano, kenako anadzutsa mutu. "Iwe zikukukhudza pati? Ukulankhula ngati mwanayo ndi wako."

Jipara anaika kambale pamwamba pa kanzake.

Mwanayo analidi wake. Dzina lake anali Sezim, ndipo anali woyamba kutuluka m'mimba mwa Jipara. Koma kwathu kuno mdzukulu woyamba ndi wa agogo. Amamutenga akadali wakhanda, nakhala mwana wawo wotsiriza, ndipo nkhani imathera pomwepo. Kuyambira tsiku limene mayi Kalicha, apongozi ake a Jipara, anamukulunga m'bulangete n'kupita naye kunyumba yaikulu, Sezim anakhala mlongo wa Toktosun. Bambo ake ankawatcha achimwene, mayi ake ankawatcha alamu.

Panalinso china. Mtengwa satchula mayina a abale a mwamuna wake. Aliyense amamupezera dzina lina lomulemekezera. Esenbek, Jipara anamutcha Kabwana. Ndipo popeza Sezim tsopano anali mlongo wa mwamuna wake, nayenso dzina lake linakhala loletsedwa. Jipara anamutcha Wamikanda, chifukwa cha timikanda timene agogo ake anamuveka pa kadzanja. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa, mayi asanatchulepo dzina la mwana wake. Anyamata awiri amene anabadwa pambuyo anamusiyira, ndipo anthu ankati ali ndi mwayi.

Sezim anafika Loweruka masana pa minibasi yochokera ku Bishkek, mzinda umene kunali yunivesite yake. Anamupeza Jipara kunyumba yaikulu, kumene ankakhala tsiku lonse chiyambire pamene mayi Kalicha anagwa pakhomo la khola chisanu chikutha. Kuwatembenuza, kuwasintha zofunda, kuwamwetsa phala, zonse zinali m'manja mwake. Mtsikanayo anaponya chikwama pakhomo n'kuthamangira kuchipinda.

"Amayi, ndabwera! Mwaonda bwanji? Alamuwa sakukupatsani nyama?"

Anakwirira nkhope yake pakhosi pa wodwalayo, ndipo dzanja lamoyo la mayi Kalicha linayamba kumusisita tsitsi. Jipara anaima pakhomo ndi ketulo m'manja. Zoterezi anali ataziona kambirimbiri, koma sanazizolowere. Anabwerera kukhitchini kukasonkhezera moto umene unkayaka bwinobwino.

Patapita kanthawi Sezim anamutsatira, atanyamula majombo obiriwira, atsopano, akununkhabe sitolo.

"Taonani, alamu. A ku famu ya ku Jeremani anati aliyense abwere ndi majombo ake."

"Ndi okongola. Ndiye ng'ombe za kumeneko zimamva Chijeremani chokha?"

"Akuti zimakamidwa ndi makina. Ng'ombe ikamva kuti bere lalemera, imapita yokha kukaima pamzere."

"Nanga inu mukukaphunzira chiyani, poti ng'ombezo zikudzikama zokha?"

Sezim anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anakhala pa kampando n'kuyamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana. Anayamba kukonzekera ali m'chaka choyamba, atangomva kuti ophunzira za udokotala wa ziweto amatumizidwa kukaphunzira ntchito pa mafamu akunja. Anzake akamapita kokayenda madzulo, iye ankapita kukaloweza Chijeremani. Tchuthi chathachi anachithera m'khola la nkhumba kunja kwa mzinda, chifukwa osankhawo amafuna munthu amene anagwirapo ndowe. Mayeso a chilankhulo analephera kamodzi, nabwereza. Tsopano dzina lake linali litatuluka. Akakagwira bwino miyezi itatuyo, mwini famu adzamuchitira umboni, ndipo njira yodzapitiriza maphunziro komweko idzatseguka.

"Zonse ndinaziyala bwinobwino, alamu. Chatsala ndi madalitso a amayi basi."

Jipara anatsegula pakamwa kuti amutsine khutu, koma panja panamveka kutsokomola kwa Toktosun.

Zoti sapita anamuuza Sezim pa tiyi, m'chipinda cha wodwala. Toktosun anaimbira Esenbek, natsamiritsa foni pa botolo la shuga kuti nayenso aoneke ngati wakhala nawo.

"Mlongo wanga," inatero nkhope ya m'foniyo, "tonse tikuvutikira banja lomweli. Ine kuno ndikasiya ntchito sabata imodzi, malo anga atenga wina."

"Inenso atenga wina, achimwene."

"Iwe ukadali mwana, zako zili kutsogolo. Ukafuna kukama ng'ombe, kwathu zatha?"

"Ndakonzekera zaka ziwiri. Bwanji alamu a ku Moscow asabwere okha, inu n'kutsala pa ntchito?"

"Nanga ana aphikiridwa ndi ndani? Taganiza bwino, Sezim. Amayi anakulera ngati dzira. Ife tinkadya zotsala zako. Lero agona pansi, ndiye uwaonetse msana?"

Sezim anatembenukira kwa wodwalayo. Mayi Kalicha anamugwira pa dzanja ndi zala zawo zamoyo, nafinya mpaka pakhungu panayera. Pakamwa pawo popotokapo panavutikira kaye, kenako mawu anatuluka.

"Usapite."

Kwathu kuno munthu sanyamuka ulendo wautali mkulu wa m'nyumba asanamutambasulire manja. Amene amapita chonchobe, galimoto ikangophulika tayala mudzi wonse umagwedeza mutu. Sezim anali wophunzira, wodziwa mayina a mafupa onse a ng'ombe m'zilankhulo zitatu, koma anali mwana wa m'nyumba imeneyo. Anayang'ana pansi.

"Ndamva, amayi."

M'mawa mwake, pobwerera ku Bishkek kukamaliza mayeso, anatenga majombo aja n'kukawaika m'shedi ya malasha.

"Muziwavala inu pokama, alamu. Ndikafika ndikawauza aphunzitsi kuti malo anga apatse wina."

"Musawauze msanga," anatero Jipara. "Dikirani mpaka tsiku lophera amayi nkhosa yowapempherera kuti achire. Mudzabwera, si choncho? Mudzawauze litadutsa tsikulo."

"Chidzasinthe n'chiyani?"

"Mwina palibe. Koma dikirani."

Sezim anagwedeza phewa, nanyamula chikwama. Jipara mwiniyo sankadziwa chimene chidzasinthe.

Masiku otsatirawo anali ataliatali. Toktosun ankakhalira kukonza hema wa ubweya ndi zingwe za ulendo wa kumapiri, ndipo akalowa m'nyumba ankangofunsa za tiyi. Anyamata ankapita kusukulu n'kubwera ndi njala zawo. Jipara analibe womuuza. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa mapiri awiri, ndipo akazi anzake a pamudzipo akanangomuuza kuti nawonso anapereka awo. Nthawi iliyonse akapita kukatapa malasha ankawaona majombowo ataima pakona, ndipo ankawapukuta fumbi ndi nsonga ya mpango wake.

Chaka chilichonse nthawi ngati imeneyi mtima wake unkakhala utakwera kale kumapiri. Kumeneko ntchito inali yothyola msana, pakuti hatchi imakamidwa kangapo pa tsiku ndipo mkaka umafuna kupuntha kuti usase bwino n'kukhala kimizi. Koma kumeneko kunalibe apongozi, kunalibe maso a mudzi. Ankavula mpango, ankaimba, ankaseka mokweza. Miyezi itatu imeneyo ndiyo inkamupatsa mphamvu zopiririra miyezi inayo.

Tsiku lina akuwasambitsa mayi Kalicha, analimba mtima. Chilankhulo chawo chopotokacho ankachimva bwino ndi iye yekha.

"Amayi, mumulole apite. Ndi miyezi itatu yokha."

"Ine miyezi itatu ndili nayo?"

"Muli nayo. Adokotala anati mtima wanu ndi wolimba ngati wa hatchi."

"Adokotala saikidwa m'manda m'malo mwa munthu. Ndikafa ali kutali, adzandilira ndani kumutu? Amuna amangoima panja n'kubuula."

"Ndidzakulirani ine."

"Iwe udzalira chifukwa anthu akukuyang'ana."

Jipara anafinya nsalu m'beseni. Sanatsutse, chifukwa sankadziwa ngati linali bodza. Anawakweza mkono wakufawo n'kuyamba kupukuta m'khwapa.

"Unamumvapo mwamuna wako akunditcha amayi?" anafunsa mayi Kalicha, maso ali kudenga. "Amati akuluwo. Apongozi anga ananditengera asanamere mano. Ndinadikira mpaka tsitsi kuyamba kuyera kuti nanenso ndilandire wanga. Ndinalandira, ndipo ndi wanga. Iwe usachite phuma. Ulan akadzakwatira, woyamba adzakhala wako."

Jipara anaika nsalu m'beseni. Kodi chitonthozo chimene ankamusungira chinali chimenechi, kuti tsiku lina adzamupatse khanda la mkazi wina, mkaziyo ataima pakhomo mabere akuchucha? Anawaveka diresi loyera, nawapesa tsitsi, nawatembenuzira kuwindo monga ankakondera. Kenako anatuluka kukataya madzi, ndipo anaima nthawi yaitali kuseri kwa khola beseni lili m'manja.

Tsiku lophera wodwala nkhosa linafika mitengo ya maapulo itayamba maluwa. Abale anadzaza chipinda chachikulu, atakhala pansi mozungulira nsalu yodyerapo yodzaza ndi timandasi, zonona ndi jamu. Mayi Kalicha anawatsamiritsa pa mapilo kumtunda, pambali pa a Moldokul, mng'ono wa malemu amuna awo, amene tsopano anali mkulu wa mtundu wonse. Sezim anali atafika dzulo lake, maso atalowa. Esenbek analinso pa botolo la shuga. Jipara anakhala pamalo a mtengwa, pafupi ndi chitseko, akuthira tiyi pang'onopang'ono m'timbale n'kumapereka ndi manja awiri, maso ali pansi.

Nyama itafika, mutu wa nkhosa utaikidwa patsogolo pawo, a Moldokul anakonza pakhosi.

"Tisanatambasule manja, tithokoze kuti m'nyumba muno muli mwana wamkazi wodziwa kumene anachokera. Ana a masiku ano akangomva ndege, miyendo imawayabwa. Koma uyu wasiya za kunja kuti akhale pambali pa amayi ake chilimwe chonse. Wotere ndiye mwana."

Anthu anavomera ndi mitu. Sezim ankangotembenuza kambale kake ka tiyi, dontho limodzi linagwera pa nsalu, ndipo analiphimba ndi chala msangamsanga. Dontholo analiona ndi Jipara yekha. Anaika ketulo pansi.

"Esenbek."

Mayi wina anadzitsina tsaya, monga amachitira akazi akaona zochititsa manyazi. Nkhope ya m'foni inayandikira, ngati sinamve bwino.

"Esenbek, ndikulankhula ndi inu. Nyumba ino ndi yanu. Chaka chatha munabwera kudzakhoma malata atsopano, ndipo ntchito ya ku Moscow sinathawe. Lero amayi anu agona pansi, mwakumbukira kuti muli ndi mlongo."

"Tuluka," anatero Toktosun, mawu ali pansi, makutu atafiira.

"Ndituluka, bambo a Ulan, koma ndimalize kaye." Jipara anadzutsa mutu. "Nonse muli muno mukudziwa zimene simunena. Sezim ndinamubereka ine. M'chipinda icho, kunja chipale chofewa chitafika m'mawondo. Munanditengera akuyamwa, mabere anatupa mpaka ndinadwala malungo, sindinalankhule. Anayamba kuyenda, anathamangira kwa wina, sindinalankhule. Anadwala chikuku, ndinagona pakhonde kumvetsera chifuwa chake, m'mawa ndinathira tiyi. Zaka zonsezi sindinapemphe kanthu m'nyumba muno. Munati ndi mwana wa nyumba ino, ndinavomera. Koma kodi munamutenga kuti adzakhale wotsala pakhomo aliyense akamapita kumene akufuna? Lero ndikupempha chinthu chimodzi. Sezim apite."

Dzinalo linali litamulemera pa lilime zaka zonsezo, ndipo tsopano anali atalitchula kawiri. Mayi Kalicha anayamba kulira, kulira kwa munthu wofa mbali imodzi, diso limodzi lokha likutsika misozi. Sezim anawakumbatira, nawabisa nkhope pachifuwa pake. Kwa Jipara sanayang'aneko.

"Nanga wodwalayu?" anafunsa a Moldokul.

"Nditsala naye ine."

"Mahatchi akama ndani?" anatero Toktosun.

"Akazi ofuna kugawana nanu mkaka alipo ambiri. Mupeza."

A Moldokul anayang'ana mutu wa nkhosa, umene mafuta ake anali atayamba kuuma. Sanali munthu wokonda milandu, makamaka nyama ikuzizira.

"Mtengwayu walakwa pakamwa, ndipo mwamuna wake akamulangize kunyumba. Koma wanena yekha pamaso pathu kuti atsala. Wodwala wapeza munthu. Zoti mtsikana apite kapena ayi, mwini madalitso ndi uyu, si ine. Tiyeni titambasule manja."

Jipara anatuluka manja asanatambasulidwe. Palibe amene anamutsatira.

Alendo atabalalika, Sezim anamupeza kuseri kwa nyumba akukwecha mphika waukulu ndi phulusa. Anaima chapatali, manja atawapinda pachifuwa.

"Alamu, mwachitiranji zimenezi?"

"Ndimafuna mupite."

"Mumaganiza kuti sindidziwa? Ndinadziwa ndili ku pulayimale, anzanga anandiuza pa mpira. Ndinabwera kunyumba, amayi anandipatsa buledi ndi zonona, ndipo sindinafunse aliyense. Panalibe chimene chinkandisowa. Lero mwawaliza pamaso pa mtundu wonse, munthu woti sangathe ngakhale kudzipukuta misozi."

"Ndalakwa pamenepo. Koma njira ina sindinaione."

Sezim anatola kamwala n'kukaponya kumpanda. Atalankhulanso, mawu ake anali atafewa pang'ono.

"Akandidalitsa ndipita, ndipo sindidzaiwala kuti ndi inu mwanditsegulira. Koma musayembekezere kuti ndisinthe kaitanidwe. Pakamwa panga sipangazolowere. Amayi anga ndi aja ali m'nyumbamo."

"Sindinapemphe zimenezo," anatero Jipara, akukwechabe pamene panayera kale.

Ananama. Sanapemphe ndi pakamwa, koma kwinakwake pansi pa mtima anali atayembekezera, monga munthu amayembekezera mvula ataona kamtambo kamodzi. Zinamupweteka kuposa tsiku la bulangete lija, chifukwa tsiku limenelo mwanayo sankatha kulankhula.

Toktosun sanamulangize. Anachita choposa pamenepo, anasiya kumulankhula. Anagwirizana ndi msuweni wake wina kuti mkazi wa msuweniyo azikama, mkaka n'kumagawana. Sukulu zitatseka anapakira hema m'lole, natenga anyamata, nakhoma loko pa nyumba yawo, ndipo kiyi anamusiyira pa mwala wa pakhomo la nyumba yaikulu. Jipara anaona mahatchi akudutsa pamsewu, ana awo akudumphadumpha m'mbali. Anawadziwa onse, wa chipumi choyera amene amakana kukamidwa ukapanda kumuimbira, ndi wakuda amene amaponda chidebe. Anafuna kuthamanga kuti akamuuze mkazi winayo, koma m'nyumba munali zofunda zoti asinthe.

Pamudzi akazi ankamupatsa moni wa m'mphuno. Mayi Kalicha anatembenukira kukhoma, nakana phala la m'manja mwake, akumangolandira la Sezim. Za madalitso sanatchule, kuvomera kapena kukana. Sezim sanachotse dzina lake ku yunivesite, koma chikwama ankalongedza mobisa, ngati wakuba. Jipara anasamutsira mphasa yake m'khitchini ya nyumba yaikulu, ndipo m'nyumba ya anthu atatu ankatha tsiku lonse osamva mawu olunjika kwa iye.

Tsiku la ulendo linacha bwino. Minibasi ya ku Bishkek inkadutsa dzuwa litakwera pang'ono. Sezim anaika chikwama pakhomo, nalowa kuchipinda, nagwada pambali pa bedi. Jipara anaima pamalo ake, pa chitseko.

"Amayi, nthawi yakwana. Mukati ndisapite, ndimasula chikwama."

Mayi Kalicha anali akuyang'ana khoma. Kenako anatembenuza mutu n'kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira tsitsi mpaka mawondo.

"Wavala zopyapyala. Kumeneko kumagwa mvula."

"Jekete ili m'chikwama."

"Ukadzamva kuti ndafa, usadzalire pa anthu achilendo. Udzalire utafika kuno."

"Simufa, amayi."

Nkhalambayo inakweza dzanja lake lamoyo, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Linalo linangogona pa bulangete. Inayesa kulisuntha, phewa linagwedezeka, dzanja osatsatira. Madalitso satuluka m'dzanja limodzi, ndipo onse atatu ankadziwa.

"Mtengwa," anatero mayi Kalicha osamuyang'ana, "wangoima ngati mtengo bwanji? Ndigwire."

Jipara anayandikira, nagwada mbali inayo. Analowetsa dzanja lake pansi pa dzanja lozizira lija, nalikweza mpaka linafanana ndi linzake, nawongola zala zopindikazo ndi zake. Sezim anatambasula manja ake, mutu uli pansi.

"Njira yako iyere," anayamba mayi Kalicha, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe cha m'chitsime. "Anthu a kumeneko akuone ndi maso abwino. Manja ako asatope, mutu wako usaiwale. Upite wathunthu, ubwere wathunthu, mwana wanga."

Milomo ya Jipara inkatsatira mawuwo popanda phokoso, mpaka awiri otsirizawo. Kenako anathandiza dzanja lakufalo kudutsa pankhope ya mwini wake, monga amatsekera madalitso, ndipo analibwezera pa bulangete.

Anamuperekeza mpaka pamsewu. Sezim ananyamula chikwama, Jipara ananyamula majombo, amene anali atawatsuka m'mawa ngakhale anali asanapondepo matope. Anaima pansi pa mtengo, msewu uli mbee mbali zonse.

"Mankhwala oyera ndi a m'mawa, alamu, ofiira ndi a madzulo. Musawasokoneze."

"Ndakhala ndikuwamwetsa ine kuyambira chisanu."

"Zoona." Sezim anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Tiyi amakonda wa mchere pang'ono. Ndipo akayamba kulalata musawayankhe, amaiwala msanga. Ndiziimba Lamlungu lililonse, muziwagwirira foni kukhutu lamanja."

"Ndiziwagwirira."

Minibasi inatulukira pa kona, ikuliza hutala. Sezim analandira majombowo n'kuwapanira m'khwapa. Anazengereza, kenako anamugwira Jipara paphewa ndi dzanja limodzi, kugwira kwa munthu wothokoza mnansi wabwino.

"Zikomo kwambiri, alamu. Mundisamalire amayi anga."

"Pita bwino, Sezim."

Mtsikanayo anamva. Anaphethira, nagwedeza mutu, nakwera. Pawindo anakweza dzanja, koma maso ake anali pa denga la nyumba yaikulu.

Jipara anaima pamenepo mpaka fumbi linakhazikika. Anali wokondwa kuti mwanayo wapita, ndipo anali yekhayekha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Nyumba yake inali yokhoma, mapiri anali kutali, ndipo dzanja lake linali likadali lozizira ndi dzanja la apongozi ake. M'nyumba yaikulu munamveka supuni ikugogoda pa mbale.

"Mtengwa! Madzi!"

"Ndikubwera, amayi," anayankha Jipara.

Liwu limene analiyembekezera pamsewu paja linamveka ndithu m'mawa umenewo, koma linatuluka m'kamwa mwake momwe. Anakonza mpango wake, nalowa kukatunga madziwo.